Kulima ndiwo zamasamba m'madzi pa nyumba ya lendi ku Salima: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri okhala m'nyumba za lendi ku Salima, kaya ndi cha ku Kamuzu Road, ku Senga Bay kapena ku Chipoka, alibe poti n'kulimapo. Pabwalo ndi pa simenti kapena mchenga wokhawokha, alandilodi safuna kuti mukumbe, ndipo mukayesa kabedi kuseri kwa bafa, mbuzi za aneba ndi zomwe zimayamba kulawa. N'chifukwa chake ulimi wa m'madzi, umene umatchedwa hydroponics, ukukopa anthu amene amauona pa Facebook ndi pa YouTube. Koma mavidiyo ambiriwo anajambulidwa kumaiko ozizira, kumene magetsi sazimazima. Mayankho ali m'munsiwa ndi a kuno kunyanja, kumene chopha mbewu chachikulu ndi kutentha.

Kodi n'zoona kuti mbewu ingakule popanda dothi?

Inde. Mizu siidya dothi. Chimene imatengamo ndi madzi, mpweya ndi michere yosungunuka m'madziwo: nayitrojeni, fosifolasi, potaziyamu, kashiamu, magineziyamu, salifa, ndi ina yofunika pang'ono chabe monga ayironi, zinki ndi boroni. Ntchito ina ya dothi ndi kugwira mbewu kuti isagwe. Mukaipatsa mbewu zonsezi mwa njira ina, dothi silifunikanso. Si nzeru yadzana ayi. William Gericke wa ku University of California ankalima matimati m'matanki a madzi m'zaka za m'ma 1930. Ndipo aliyense amene anasiyapo kholowa m'beseni la madzi n'kumupeza atatulutsa timizu toyera waona kale chiyambi chake.

M'mavidiyo ndimaona mapaipi oyera, mapampu ndi nyali. Ndigule zonsezo?

Musayambe nazo. Njira ya mapaipi imadalira timadzi tochepa toyenda pansi pa mizu usana ndi usiku. Magetsi akazima pampu imaima, ndipo masana a Okutobala ola limodzi kapena awiri akwanira kuti mbewu zonse zifote. Ena amati ku Salima kuno kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe anatsegulidwa mu 2021, ndiye magetsi asavute. Koma mphamvu imeneyo imalowa mu nthambo za dziko lonse, siibwera pa soketi panu pokha.

Njira yoyenera kuno ndi imene anaifalitsa Bernard Kratky wa ku University of Hawaii. Ilibe pampu, ilibe waya. Mbewu imakhala pa chivundikiro cha ndowa, mizu n'kulendewera m'madzi a michere. Mbewu ikamamwa, madzi amatsika, ndipo pakati pa chivundikiro ndi madzi pamatsala mpata wa mpweya wachinyezi. Mizu ya kumtunda imapuma mumpata umenewo pamene ya pansi ikutsatira madzi. Nzeru yonse ya njirayi yagona pa mpata umenewu.

Ndiyambe bwanji?

Pezani chigubu cha malita 5 chomwe munali mafuta ophikira, kapena ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro. Tsukani ndi sopo mpaka mafuta onse achoke. Chigubu chomwe munali petulo kapena mankhwala opopera thonje musachigwiritse ntchito, ngakhale mutachitsuka kangati.

Ndi mpeni wotentha boolani chivundikiro kuti mulowe kapu yaing'ono ya pulasitiki, ngati ya yogati ija, n'kukodwa pamlomo pake. Chigubu cha malita 5 ndi cha mbewu imodzi. Ndowa ya malita 20 itenge zitatu kapena zinayi. Kapuyo ibooleni pansi ndi m'mbali ndi msomali wotentha, mabowo ambiri, kuti mizu ipeze potulukira.

M'kapu muikemo chogwira mbewu. Mankhusu a mpunga sasowa ku zigayo za kuno, ndipo amagwira bwino ntchito mukawaviika ndi kuwatsuka kaye, kapena kuwawamba mpaka ade koma asapse n'kusanduka phulusa. Tizidutswa ta njerwa yootcha, makala otsuka, kapena kachidutswa ka siponji nazonso n'zabwino. Mchenga wa kunyanja umangogwera m'madzi kudzera m'mabowo.

Fesani mbewu padera. Mbande zikatulutsa masamba enieni awiri kapena atatu, zizuleni mosamala, muzigwedeze m'beseni la madzi kuti dothi lonse lichoke ku mizu, kenako muziwokere m'makapu madzulo dzuwa litapepa. Madzi a michere afike poti pansi pa kapu pamire sentimita imodzi kapena ziwiri basi. Pakatha masiku angapo, tukulani kapu muone: kunsi kwake kukhala kutatuluka timizu toyera mbee, tina tokhala ndi ubweya. Pamenepo yagwira.

Kuwala kusalowe m'ndowa. Kukalowa, ndere zimamera n'kumalimbirana michere ndi mpweya ndi mbewu yanu.

Madzi akatsika ndiwonjezere?

Apa ndi pamene ambiri amaphera mbewu zawo chifukwa cha chifundo. Munthu akaona madzi atsika mpaka theka amadzazanso mpaka pamwamba, mawa lake n'kupeza mbewu yafota ili m'madzi momwemo. Wamiza mizu yopumira ija. Mukafuna kuwonjezera, dikirani madzi atsale ochepa, ndipo thirani mpaka theka la ndowa, osapitirira. Nyengo yotentha wonjezerani madzi opanda feteleza kapena a feteleza wochepa kwambiri, chifukwa mbewu imamwa madzi ambiri kuposa michere, ndiye otsalawo amanka nakula mphamvu.

Ndili ndi feteleza wotsala wa chimanga. Ndingasungunule ameneyo?

Wobereketsa, yuriya, ayi. Yuriya amadalira tizilombo ta m'dothi kuti timusinthe akhale chakudya chimene mizu imatenga bwino, ndipo m'ndowa mulibe tizilombo tokwanira. Wokulitsa wa 23:10:5+6S+1Zn anapangidwira dothi. Sasungunuka yense, ndipo sapereka kashiamu ndi magineziyamu zomwe chimanga chimapeza chokha m'munda. Mbewu imayamba bwino sabata yoyamba kenako n'kupinimbira.

Funsani feteleza wosungunuka yense m'masitolo a zipangizo zaulimi amene amagulitsa kwa alimi a m'ma greenhouse, nyumba za pulasitiki zolimiramo mbewu. Ambiri ali ku Lilongwe. Kasakanizidwe kodziwika ndi ka zinthu zitatu: feteleza wa ufa wa 4-18-38 wokhala ndi michere ing'onoing'ono, calcium nitrate, ndi Epsom salt yomwe imapezekanso m'mafamase. Pa malita 20 a madzi, masamba amafuna magalamu 10 mpaka 12 a woyambayo, muyeso womwewo wa calcium nitrate, ndi magalamu 5 kapena 6 a Epsom salt. Wopanda sikelo awerenge masipuni a tiyi osasefukira: awiri, awiri, imodzi. Ngati mwapeza mtundu wina, tsatirani zolembedwa pa paketi.

Thirani chimodzichimodzi m'ndowa yodzaza madzi, mukutakasa mpaka chisungunuke, calcium nitrate pomalizira. Mukaziphatikiza zonse m'kapu ya madzi ochepa, kashiamu amagwirana ndi salifa ndi fosifolasi n'kupanga zoyerayera zokhazikika pansi zomwe mizu singatenge.

Nanga madzi a manyowa a nkhuku? Pa dimba ndi abwino. M'ndowa yotseka pakhonde amawola, amanunkha, amaitana ntchentche, ndipo amabweretsa majeremusi pafupi ndi chakudya. Ngati feteleza woyenera simungamupeze, musadzivute: dzazani dothi ndi manyowa m'matumba a simenti kapena m'ndowa zobooka, mulime momwemo. Umenewonso ndi ulimi wa pakhonde, ndipo kwa anthu ambiri ndi umene ungawayendere.

Madzi abwino ndi ati?

A mvula alibe ofanana nawo. Tchezerani a pa malata, koma oyamba otsuka fumbi ndi zitosi za mbalame muwasiye apite. A pampopi a Central Region Water Board ndi abwino mukawasiya m'ndowa yosatseka usiku umodzi kuti klorini achepe. A pamjigo amasiyanasiyana. Ngati akumveka mchere, ngati sopo akuvuta kuchita thovu, kapena ngati ketulo yanu imachita zoyera mkati, madziwo ali kale ndi mchere wambiri. Asakanizeni ndi a mvula.

Palinso pH, muyeso wa asidi m'madzi. Masamba amatenga bwino michere pH ikakhala pakati pa 5.5 ndi 6.5. Madzi a nyanja ya Malawi amakhala cha m'ma 8, ndiye ayironi amakanirira m'madzi osalowa m'mbewu. Chizindikiro chake ndi masamba ang'ono a kunsonga kuchita chikasu mitsempha yake ili yobiriwira. Timapepala toyezera pH sitidula. Madontho a ndimu kapena a viniga amatsitsa pH, koma kwa masiku ochepa chabe, ndiye muziyeza kawirikawiri.

Kunja kuno kumatentha chonchi, mbewu zipirira?

Funso lenileni la ku Salima ndi limeneli. Mizu imasangalala madzi akakhala pakati pa madigiri 18 ndi 24. Mu Okutobala ndi Novembala masana amadutsa madigiri 32 mosavuta, ndipo ndowa yakuda yosiyidwa pa simenti padzuwa imatentha kuposa pamenepo. Madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa, pamene mizu yotenthedwa imafuna wambiri. Zikatero matenda owoletsa mizu amalowa. Muziona mizu kawiri pa sabata. Yathanzi ndi yoyera, yolimba, yosanunkha. Ikachita bulauni, yoterera, n'kumathothoka mukaikoka, kumanunkha ngati dambo, ndowa imeneyo yapita. Tayani zonse, tsukani ndi madzi a klorini, yambaninso.

Ndiye ntchito ndi yoti masamba aone dzuwa koma ndowa isalione. Ikulungeni kaye ndi pulasitiki wakuda kuti atseke kuwala, kunja n'kukuta ndi choyera: thumba la ufa, makatoni, kapena penti yoyera. Musaikhazike pa simenti yotentha. Ikani pa thabwa kapena pa mphasa yopinda. Chiguduli chonyowa chokulunga ndowa chimaziziritsa madzi pamene chikuuma, monga m'mene mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Mabokosi oyera osungira madzi oundana, omwe ogulitsa nsomba ku Senga Bay amanyamulira chambo, ndi abwino kuposa ndowa, bola asakhale obooka ndipo fungo la nsomba lithe. Ndowa yaikulu imachedwa kutentha kuposa botolo la malita 2, choncho timabotolo tating'ono tokongola ta m'mavidiyo tisungeni mpaka Juni.

Khonde loyang'ana kum'mawa, kunyanja, ndi lamwayi: limalandira dzuwa la m'mawa, masana kuli mthunzi. Loyang'ana kumadzulo limawotcha. Ngati ndi lomwe muli nalo, pachikani chitenje chopyapyala kapena neti yakale yotha ntchito kuti ichepetse dzuwa la masana.

Woyamba kumene ayambe pakati pa Epulo ndi Ogasiti, kukuzizira. Kungoti mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi umagwetsa zigubu zopepuka, ndiye zimangirireni.

Ine khonde ndilibe. M'nyumba mwenimweni zingatheke?

Zingatheke, koma musadzinamize pa nkhani ya kuwala. Chipinda chimene maso anu akuona kuti n'chowala, kwa mpiru ndi mdima. Masamba amafuna maola 5 kapena 6 a dzuwa lenileni. Akalisowa amangotalika, oonda, otuwa, akupendekera kuwindo, kenako n'kugwa. Mawindo a nyumba zathu zambiri ndi aang'ono, denga latuluka kunja, kuli nsalu ndi waya wa udzudzu.

Chenjerani ndi malangizo akuti ikani mbewu pawindo loyang'ana kummwera. Amenewo ndi a ku Ulaya ndi ku America. Ife tili kummwera kwa equator, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye windo loyang'ana kumpoto ndi limene limapindula. Cha m'ma Novembala mpaka Febuluwale dzuwa limadutsa pafupifupi pamutu, ndipo mawindo a kum'mawa ndi kumadzulo okha ndi amene amalowetsa dzuwa lokwanira.

Nyali za LED zoyera zimathandiza mukaziika pafupi, masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa masamba, maola 12 mpaka 14 pa tsiku. Werengerani nokha: nyali za mawati 40 zoyaka maola 14 zimadya pafupifupi mayunitsi 17 pa mwezi, ndipo zimenezo ndi za ndowa ziwiri kapena zitatu basi. M'dziko la dzuwa ngati lino, kugula magetsi olimira mpiru n'kovuta kukuikira kumbuyo. Kuli bwino kupempha alandilodi kamalo ka pabwalo m'mbali mwa mpanda.

Ndibzale chiyani?

Letesi ndi amene amadzaza mavidiyo, koma ku Salima ndi mlendo wa miyezi yozizira. Kukatentha amathamangira kuchita maluwa ndipo amawawa. Mpiru, chayinizi ndi repu zimachita bwino kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, ndipo mumayamba kuthyola masamba a m'munsi pakatha masabata anayi kapena asanu chiwokerere.

M'chilimwe dalirani zathu zomwe. Bonongwe amakonda kutentha ndipo mukamudula kunsonga amaphukira nthambi. Kholowa ndiye wosavuta kuposa zonse: safuna mbewu yogula, mungodula msonga za mbatata kwa mnzanu n'kuzilowetsa m'kapu. Anyezi wa masamba amaphukiranso kuchokera ku tsinde lomwe mukanataya. Tsabola ndi kambuzi zimapirira dzuwa koma chilichonse chikhale ndi ndowa yake.

Matimati asakhale oyamba. Tsinde limodzi lalikulu limatha kumwa malita awiri pa tsiku kukatentha, limafuna chomangirira, ndipo m'nyumba mopanda mphepo ndi njuchi muyenera kumagwedeza maluwa kuti abereke. Nkhwani imayanga malo onse. Chinangwa, chimanga ndi mbatata yofuna kukumba ndi za kumunda.

Sindikuweta udzudzu m'nyumba?

Mukhoza kuweta, ndipo ku dera la malungo ngati lino si nkhani yoseketsa. Udzudzu umafuna kampata kakang'ono kuti ufike pa madzi. Kapu ikhale yothina pabowo, bowo lopanda mbewu litsekedwe, ndipo pomwe pali mpata matani ndi selotepu kapena kachidutswa ka waya wa udzudzu. Mukamaona mizu, onaninso ngati m'madzi mukuvinavina timphutsi. Mukatipeza, khuthulirani madziwo pa dothi louma padzuwa. Musathire mafuta kapena mankhwala a udzudzu m'madzi a mbewu yodya. Mbale zoikira pansi pa ndowa ndi migolo yosungira madzi a mvula ndi zomwe anthu amaiwala kuvundikira.

Tizilombo timagwiranso mbewu za m'madzi?

Ta m'dothi timachepa, koma touluka timabwera ndithu. Tembenuzani masamba: kunsi kwake ndi kumene kumabisala nsabwe za m'masamba ndi akangaude ofiira aang'ono kwambiri omwe amachuluka kukauma. Mbewu zochepa chonchi sizifuna mankhwala a m'sitolo. Tswanyani ndi zala, tsukani ndi madzi, kapena poperani madzulo madzi a sopo wochepa kapena a masamba a nimu osinja ndi kusefa. Okhala kufupi ndi mapiri a ku Senga Bay ali ndi tizilombo tina ta manja awiri, anyani, ndipo amenewo nimu sawaopsa.

Masamba okula ndi feteleza yekhayekha si a mankhwala?

Michere imene mizu imatenga m'ndowa ndi yomweyo imene imatenga m'dothi manyowa akawola. Zopatsa thanzi za m'tsamba zimadalira mtundu wa mbewu, dzuwa limene inaona, ndi nthawi imene yapita chithyolere. Phindu lanu lili pa ziwiri. Mukudziwa kuti simunapopere mankhwala dzulo n'kuthyola lero, ndipo masamba akulowa mumphika asanafote, vitamini C asanachepe. Chosayenera ndi kuchulutsa feteleza poganiza kuti zikula msanga. Nsonga za masamba zimapsa, ndipo mbewu yosowa dzuwa imasunga m'masamba nayitireti wambiri, amene ndi nayitrojeni wa feteleza yemwe sinagwiritse ntchito. Feteleza ndi madzi ake musunge patali ndi ana, osati m'botolo la chakumwa.

Kodi ndisiya kugula ndiwo kumsika?

Ayi. Mphika umodzi wa mpiru wa banja la anthu asanu umadya masamba a ndowa yonse, ndipo ndowayo imafuna sabata kapena kuposera kuti ibwerere. Kuti muzithyola tsiku ndi tsiku pafunika ndowa zambiri, zobzalidwa motalikitsa masabata awiriawiri. Nyengo imene madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Linthipe ndi Lilongwe akolola, mulu wa mpiru pa msika umatsika mtengo moti ndowa yanu singapikisane nawo. Imaoneka phindu lake pamene masamba asowa ndi kukwera mtengo, komanso pa tinthu tomwe mumafuna pang'ono tsiku lililonse: anyezi wa masamba, tsabola, dzanja limodzi la bonongwe loponya m'phala la mwana. Madzi ndiye imasunga. Mbewu imodzi ya masamba imamwa malita 4 mpaka 6 moyo wake wonse nyengo yozizira, zomwe pa bedi la mchenga zimatha pa kuthirira kamodzi.

Ndathyola. Ndiphike bwanji kuti thanzi lisathere mumphika?

Kulima mosamala chonchi kenako n'kuthira soda kapena chidulo ndi kutaya ntchito. Soda amafewetsa ndi kusunga kubiriwira, koma amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Masamba anthete a m'ndowa safunanso chofewetsera. Tsukani musanadule, osati mutadula. Madzi akhale ochepa, atawira kale, vundikirani, ndipo mphindi zochepa zakwana. Msuzi wake musataye.

Vitamini A wa m'masamba obiriwira amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono, ndiye ndiwo zotendera nsinjiro zimene agogo ankaphika zinali kale m'njira yake. Ayironi wa m'bonongwe amalowa bwino mukadyera limodzi ndi matimati, ndimu, bwemba kapena mango, komanso pakakhala kansomba pambali. Tiyi amatsekereza ayironi, choncho musamwere pa nsima.

Bungwe la World Health Organization limalangiza magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndi mchere wosafika magalamu 5, yomwe ndi sipuni ya tiyi imodzi, kuwerengera ndi wa m'timakyubu tokometsera ndi wa mu nsomba zouma zothira mchere. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsidwa kusikelo, ndowa ikukupatsani gulu limodzi lokha. Ena asanuwo ku Salima sasowa: nsima ya mgaiwa kapena mpunga, nyemba ndi mtedza, usipa kapena utaka wodya ndi minga yomwe kuti mupeze kashiamu, zipatso, ndi mafuta. Chovuta ndi kukula kwa mitanda ya nsima poyerekeza ndi kambale ka masamba. Odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambire pamenepo. Amene ali ndi vuto la impso afunse kaye kuchipatala asanachulutse masamba, chifukwa ali ndi potaziyamu wambiri.

Popeza sanakhudze dothi, ndingadye aiwisi osatsuka?

Tsukani. Fumbi, ntchentche, manja ndi madzi a m'ndowa zimafika pa masamba. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Chodya chachiwisi chitsukidwe ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Ngati m'ndowa munathira madzi otunga kunyanja kapena kumtsinje, masamba ake aphikidwe basi.

Ndikachokapo masiku angapo, kapena ndikamaliza kukolola, nditani?

Ndowa ya malita 20 yokhala ndi mbewu zazing'ono imatha sabata popanda woiyang'anira nyengo yozizira. Mu Okutobala isunthireni pamthunzi musananyamuke, ndipo amene mwamusiyira nyumba mumuuze mobwerezabwereza kuti asadzaze madzi mpaka pamwamba. Mulembereni mzere pa ndowa pomwe ayenera kulekezera.

Mbewu ikakalamba, madzi otsala muwasungunule ndi ena n'kuthirira papaya, nthochi kapena maluwa a pabwalo. Musawatayire mu ngalande yopita kunyanja kapena pafupi ndi chitsime. Tsukani ndowa ndi makapu ndi madzi a klorini, muziyanike padzuwa tsiku limodzi, mankhusu akale muwataye ku dzala la manyowa, ndipo mbande zatsopano zikhale zitafesedwa kale masabata awiri m'mbuyomo kuti ndowa isakhale yopanda kanthu.